Mutu 11: Nyerere Pamkodzo wa Mphaka

Kuyambira ku Kande, kudzera pa Chintheche, mpaka kukafika ku Usisya, mphaka ndi chiweto chodzidyetsa chokha. M'bandakucha, asodzi akamakocheza ndi usipa wa usiku, iye amakhala atafika kale padoko, atabisala kuseri kwa bwato. Masana amagona pansi pa thandala, diso limodzi lili pa kansomba kamene kangagwe. Usiku ndiye amagwira ntchito imene anamuwetera, yolondera makaka ndi ufa wa kondowole kuti makoswe asachite nazo phwando. Mphaka wotere amakhala wa thupi lopepuka ndi minofu yolimba, ndipo matenda a shuga samupeza wamba.

Palinso mphaka wina. Uyu ndi wa m'nyumba ya agogo amene ana awo ali ku Joni, kapena wa pamalo ogona alendo, kumene aliyense wodya amamuponyera kabuledi kapena katchipisi. Anamufula ali wamng'ono, sayendayenda, makoswe anawaiwala kalekale. M'mawa amadya mkute wonyika m'msuzi, masana mpunga wotsala, madzulo timabisiketi ta amphaka togula ku Mzuzu. Anthu akamuona kunenepa amati, "Koma ndiye akusungidwa bwino!" Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zimadzaonekeradi. Tsiku lina mwana posesa pabwalo amapeza kuti pamene mphaka anakodza pangoti bii ndi nyerere. Apa m'pamene apabanja amakumbukira zina: kuti masiku ano mphakayu sachoka pandowa yamadzi, kuti akudya mosakhuta koma msana wayamba kuoneka mafupa, kuti ubweya wasiya kunyezimira. Ena amayamba kunong'ona zoti walodzedwa. Sanalodzedwe. Asing'anga akale a ku India, monga Sushruta, anaona nyerere zomwezi pamkodzo wa anthu, ndipo nthendayi anaitcha madhumeha, kutanthauza mkodzo wa uchi.

Kuzindikira kuti ndi shuga sikuvuta kwenikweni. Povuta ndi pamene mankhwala ayambika, jakisoni akubayidwa m'mawa ndi madzulo, koma mphaka sakusintha.

Chimene chalakwika m'thupi

Chakudya chikagayika m'mimba, shuga amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu, momwe amasanduka mphamvu, pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kapamba. Amphaka ambiri amadwala shuga wofanana ndi amene amagwira anthu akuluakulu, wotchedwa wa mtundu wachiwiri. Mafuta akachuluka, thupi limasiya kumvera insulini. Kapamba amalimbikira kupanga yambiri, kenako amatopa. Choipa n'chakuti shuga wochulukayo amafooketsanso kapamba yemweyo, ndiye nthenda imadzidyetsa yokha.

Mwa mphaka wathanzi, shuga wa m'magazi amakhala pakati pa 4 ndi 8 pa makina owerenga mu mmol/L. Akapitirira cha m'ma 14 mpaka 16, impso zimalephera kumubweza, ndipo amatayikira mumkodzo atakoka madzi ambiri. N'chifukwa chake mphaka amakodza kwambiri, ludzu osatha. Minofu nayo imakhala ndi njala ngakhale magazi adzaza shuga, choncho thupi limayamba kudya mafuta ndi nyama yake yomwe.

Ku England, akatswiri a ku Royal Veterinary College anapeza mu 2016 kuti pafupifupi mphaka mmodzi mwa amphaka 200 opita kuchipatala cha ziweto ali ndi shuga. Amene ali pangozi kwambiri ndi amphaka onenepa, aamuna, ofulidwa, ongokhala m'nyumba, ndi amene apitirira zaka 7.

Pa nthenda imeneyi anthu ndi ziweto tayenda limodzi kuyambira kale. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, galuyo n'kudwala shuga. Mu 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anayesa insulini pa agalu, ndipo mu January 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kupulumuka nayo. Mphaka naye anathandiza. Mu 1987 gulu la Per Westermark, katswiri wa ku Sweden, linasonyeza kuti zinthu zimene zimaundana m'kapamba wa mphaka wa shuga n'zamtundu womwewo ndi zimene zimaundana mwa munthu. Makoswe ndi mbewa alibe vuto limeneli, koma mphaka ali nalo ngati ife.

"Ndiwonjezere mankhwala?"

Mphaka amene shuga wake sakukhazikika amaoneka. Ludzu silitha, thupi limapitirira kutsika, ndipo ena miyendo yakumbuyo imafooka mpaka kumayenda akugunditsa zidendene pansi, chifukwa shuga waononga mitsempha. Mphaka amene ankadumphira pawindo mosaganiza amayamba kuima pansi n'kumangoliyang'ana.

Mwini wake akaona zimenezi, maganizo oyamba amakhala akuti mankhwala achepa. Dokotala wa ziweto wodziwa ntchito yake akaimbiridwa foni, kukambirana kumayenda chonchi:

"Adokotala, jakisoni ndikubaya ndithu, koma madzi akumwabe ngati ng'ombe. Ndiwonjezere?"

"Ayi ama, musawonjezere kaye. Tandiuzani, botolo mumasunga pati? Munalitsegula liti? Nanga sirinji yanu chivindikiro chake n'chofiira kapena chaolenji?"

Mafunso amenewa si ozemba. Shuga wa mphaka akakana kutsika, nthawi zambiri vuto silikhala kuchepa kwa mlingo. Limakhala m'botolo, m'sirinji, m'dzanja la wobaya, m'mbale, kapena mu nthenda ina imene yabisala. Wowonjezera insulini asanafufuze zimenezi akhoza kupha mphaka usiku umodzi, pamene shuga wokwera amapha pang'onopang'ono ndipo amapereka mpata wokonza zinthu.

Botolo ndi kutentha kwa kunyanja

Insulini ndi mankhwala osachedwa kuonongeka. Malo ake ndi m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kunyanja, mwezi wa October ndi November, m'nyumba yamalata mumatentha ngati mu uvuni, ndipo magetsi akazima tsiku lonse firiji imasanduka kabati. Botolo loiwalika pawindo, kapena loyenda m'thumba la malaya pa minibasi dzuwa lili pamutu, likhoza kuoneka bwinobwino koma mphamvu itachepa.

Kuzizira kopitirira n'koopsanso. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi firiji yaikulu yosungiramo nsomba, ija imaundanitsa madzi kukhala ayisi. Insulini ikaundana kamodzi kokha, yatha ntchito, ngakhale itasungunuka. Musaiike mmenemo.

Kumene kulibe magetsi, mtsuko wadothi umathandiza. Thirani madzi mumtsuko, uikeni pamthunzi podutsa mphepo, botolo la mankhwala mulitsekere m'kachitini kapulasitiki kuti lisanyowe, ndipo kachitiniko mukaike m'madzimo. Madzi akamatuluka thukuta kunja kwa mtsuko, m'kati mumazizira. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe kusiyana ndi m'dzinja, pamene mpweya wakunyanja umakhala wachinyezi. Pali nkhani yolimbikitsa: mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya Geneva ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti insulini ya anthu inasunga mphamvu zake kwa milungu 4 pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, kofanana ndi kwa mu msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Tanthauzo lake n'lakuti kuzima kwa magetsi kwa tsiku limodzi sikutayitsa botolo. Koma lembani pabotolo tsiku limene mwalitsegula, ndipo likaoneka ndi timibulu, kapena losayera pamene linali loyera, lisiyeni.

Mtundu wa insulini nawonso ndi nkhani. Thupi la mphaka limamaliza insulini msanga kuposa la munthu. Insulini ya anthu yooneka ngati mkaka, yotchedwa NPH, mwa amphaka ambiri imatha mphamvu maola 8 asanakwane, ndiye mphaka amatha theka la tsiku shuga ali m'mwamba. Imene imakhalitsa ndi glargine, yodziwika ndi dzina lakuti Lantus, ndi ProZinc, imene inapangidwira amphaka. Caninsulin imagwiranso ntchito, ngakhale mwa amphaka ena sifika maola 12. Insulini yooneka ngati mkaka imafunika kusakaniza musanakoke, motsatira pepala la m'bokosi. Mukapanda kutero, lero mubaya madzi okhaokha, mawa mubaya mankhwala okhathamira.

Sirinji, dzanja ndi wotchi

Cholakwika chimene chikhoza kupha mphaka ndi chaching'ono moti diso silichiona msanga. Insulini yofala kwambiri ilipo ya mphamvu ziwiri. Lantus ndi insulini zambiri za anthu ndi U-100, kutanthauza mayunitsi 100 pa mililita imodzi. Caninsulin ndi ProZinc ndi U-40. Iliyonse ili ndi sirinji yake: ya U-100 kawirikawiri imakhala ndi chivindikiro chaolenji, ya U-40 chofiira. Masirinji a U-40 akatha, munthu wa ku Chintheche amathamangira ku famase n'kugula amene alipo, omwe ndi a anthu. Akakokera Caninsulin m'sirinji imeneyo mpaka pa nambala 2, mphaka salandira mayunitsi 2 koma osakwana ngakhale imodzi. Zikatembenuka, Lantus n'kukokedwa ndi sirinji ya U-40, mphaka amalandira mlingo woposa wake kawiri ndi theka. Nambala ya pabotolo ndi ya pasirinji zizifanana nthawi zonse.

Mlingo wa mphaka ndi kadontho chabe. Ambiri amayamba ndi yuniti imodzi kapena ziwiri, kawiri pa tsiku. Kathovu kampweya m'sirinji kakhoza kudya theka la mlingowo. Pobaya, tsinani khungu la m'mbali mwa chifuwa kuti liime ngati kachisakasa, lowetsani singano m'munsi mwake, kanikizani, kenako sisitani ubweya ndi chala. Mukamva kunyowa, kapena fungo la mankhwala, ndiye kuti singano inatulukira mbali ina. Zikatero musabayenso, chifukwa simudziwa kuchuluka kwa imene yalowa. Dikirani nthawi yotsatira. Sinthasinthani malo obaya, poti khungu lobayidwa pamodzimodzi limalimba ndipo silimwa bwino mankhwala.

Jakisoni azitalikirana maola 12. Ngati ndi 6 koloko m'mawa, akhalenso 6 koloko madzulo, kaya kuli maliro, kaya kuli chilimika. Pakhomo pakhale munthu mmodzi wodziwika kuti ndiye wobaya, ndi wachiwiri wophunzitsidwa kuti azigwirizira. Pamene aliyense amabaya akakumbukira, tsiku lina mphaka amabayidwa kawiri, tsiku lina osabayidwa n'komwe.

Mankhwala aakulu ali m'nyanja

Mphaka analengedwa kuti azidya nyama. M'malovu mwake mulibe zogayira ufa monga muli mwa ife, ndipo chiwindi chake sichifulumira kuchotsa shuga wambiri m'magazi. Mu 2005 akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anasonyeza kuti lilime la mphaka silimva n'komwe kutsekemera. Akamadya kondowole wonyika m'msuzi, iye akutsata fungo la nsomba, koma chimene chikudzaza mimba yake ndi ufa wa chinangwa, umene umasanduka shuga wokhawokha. Nsima, mpunga, buledi, mbatata, phala ndi timabisiketi touma ta amphaka tambiri zonse zimakweza shuga. Madokotala amalangiza kuti kwa mphaka wa shuga zakudya zaufa zisapitirire magawo 12 pa 100 a mphamvu zimene amapeza m'chakudya.

Apa anthu akunyanja ali ndi mwayi umene eni amphaka a ku London amaugula ndi ndalama zambiri m'zitini. Usipa, utaka, mutu wa batala kapena kampango ndi chakudya chopanda ufa. Usipa wathunthu uli ndi ubwino wina, woti mphaka amadya ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Koma nsombayo iziphikidwa. Nsomba zambiri zam'madzi opanda mchere, makamaka za m'banja limene muli usipa ndi mpasa, zikakhala zaziwisi zimaononga vitamini B1 m'thupi, ndipo mphaka wodya zimenezi tsiku ndi tsiku amayamba kudzandira ndi kupinda khosi. Moto umathetsa vutoli. Wiritsani m'madzi okha, opanda mchere, ndipo musapungule pa ndiwo za pabanja, chifukwa anyezi ndi adyo amaononga magazi a mphaka. Nsomba yokhayokha siyikwaniranso. Muzisinthanitsa ndi nyama ya nkhuku, mitima ndi nthutumba zake, dzira lowiritsa, ndi kachiwindi pang'ono kamodzi pa mlungu.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, mphaka amene ali kale pa insulini mukamuchotsera ufa, shuga wake amatsika, ndipo mlingo wa dzulo ukhoza kukhala wochuluka lero. Sinthani chakudya pang'onopang'ono kwa mlungu wathunthu, dokotala akudziwa. Chachiwiri, mphaka wonenepa samuchepetsa thupi pomumana chakudya. Akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi ndipo akhoza kufa. Thupi lizitsika pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mlungu, basi.

Ndipo lamulo la mbale ligwire pakhomo ponse. Mutu umodzi susenza denga. Ngati amayi akuwiritsa usipa koma mdzukulu akuponya nsima pansi pa tebulo, ngati woyandikana naye nyumba akumupatsa phala, ngati alendo akumugawira tchipisi, ntchito yonse yagwa m'madzi.

Mantha a paulendo ndi kope la pakhomo

Taganizani za mphaka amene watsekeredwa m'katoni ku Kande, n'kukwezedwa minibasi, kudutsa m'minda ya mphira ya Vizara, kusintha galimoto pa Nkhata Bay, kukwera zitunda za ku Mpamba mpaka ku Mzuzu. Wa ku Usisya ndiye amachita kudikira sitima ya Ilala kapena boti, apo ayi kugwedezeka pamsewu wa m'mapiri. Akamafika kwa dokotala amakhala ali wefuwefu ndi mantha, ndipo mantha okha amakweza shuga wa mphaka, ngakhale wathanzi, mpaka kupitirira 15. Nambala yoyezedwa tsiku limenelo siyinena zoona za mmene mphakayo amakhalira kwawo. Kumene kuli labotale yokwanira, madokotala amayeza fructosamine, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira pa mlungu umodzi mpaka itatu yapitayo, ndipo mantha a tsiku limodzi saisokoneza.

Koma umboni woposa wonse umachokera pakhomo, m'kope la sukulu la masamba ochepa. Tsiku lililonse lembani nthawi ya jakisoni, mlingo, zimene wadya ndi madzi amene wamwa. Madziwo yezani ndi botolo la Fanta lagalasi, la mamililita 300. Mphaka wa makilogalamu 4 amene akumaliza botolo limodzi ndi kachigawo pa tsiku, shuga wake sanakhazikike. Kamodzi pa mlungu mukulungeni m'chitenje, mumupachike pa sikelo ija timayezera chimanga, mulembe kulemera kwake.

Makina oyezera shuga wa anthu amagwiranso ntchito pa mphaka, ngakhale amawerenga motsikirako pang'ono. Fundizani khutu ndi kansalu kofunda, bayani m'mphepete mwake ndi kasingano koyezera, kadontho kamagazi kakatuluka mukagunditse pa kapepala. Amphaka ambiri amazolowera msanga, makamaka akadziwa kuti pambuyo pake pali kausipa. Tsiku limene dokotala wapempha, yezani maola awiri aliwonse kuchokera pa jakisoni wam'mawa mpaka wamadzulo. Cholinga n'chakuti nambala yotsikitsitsa ikhale pakati pa 4.5 ndi 8, yokwererapo isapitirire 14. Ngati makina anu amawerenga mu mg/dL, manambalawo ndi 80 mpaka 144, ndi 250. Jambulani tsamba la kopelo, mutumize pa WhatsApp. Ulendo wa ku Mzuzu wapulumuka.

Mkodzo nawo umayezeka ndi timapepala tosintha mtundu. Tolani timiyala tosalala ta m'mphepete mwa nyanja, mutitsuke, mutiyanike, mutiike m'beseni m'malo mwa mchenga. Timiyala sitimwa mkodzo, ndiye mumaupeza pansi pa beseni.

Mlingo usasinthidwe kawirikawiri. Thupi la mphaka limafuna masiku 5 mpaka 7 kuti lizolowere mlingo watsopano, ndipo powonjezera amawonjezera theka la yuniti kapena yuniti imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngozi ziwiri

Yoyamba ndi shuga kutsika mopitirira. Zimachitika mlingo ukachuluka, kapena mphaka akabayidwa koma osadya, kapena akasanza. Amafooka, amadzandira ngati woledzera, maso amatong'oka, amanjenjemera, mwina kugwa khunyu. Ngati akutha kudya, mupatseni chakudya pompo. Ngati sakutha, pakani uchi kapena shuga wosungunula pa nkhama zake ndi chala, osamuthira madzi kukhosi, ndipo imbani foni kwa dokotala. Uchi uzikhala pafupi ndi masirinji nthawi zonse. Mphaka akakana chakudya, funsani musanabaye mlingo wathunthu.

Pali msampha wina wotchedwa ndi dzina la Michael Somogyi, katswiri wobadwira ku Hungary amene ankagwira ntchito ku St. Louis ku America. Insulini ikachuluka, shuga amagwa kwambiri masana kapena pakati pa usiku, thupi limadzidzimuka n'kutulutsa shuga yense wosungidwa m'chiwindi. Woyeza kamodzi kokha m'mawa amapeza nambala yaikulu, amawonjezera mankhwala, ndipo mawa lake zinthu zimaipiraipira. Mphaka wotere amachira pochepetsa mlingo. Ichi ndicho chifukwa chake nambala imodzi siyokwanira kuweruzira.

Ngozi yachiwiri ndi ketoacidosis. Insulini ikasowa kwa nthawi yaitali, thupi limawotcha mafuta mosalekeza, ndipo zotsalira zake zimawawitsa magazi. Mphaka amasiya kudya, amasanza, amangogona, maso amalowa m'kati, mpweya wake umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Apa palibe chithandizo cha pakhomo. Amafunika diripi ndi dokotala tsiku lomwelo.

Nthenda zobisala kuseri kwa shuga

Botolo likakhala labwino, sirinji yolondola, mbale yakonzedwa, koma mlingo wafika poposa yuniti imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse popanda kusintha, ndiye kuti chilipo chimene chikulimbana ndi insulini. Yambani ndi kukamwa. Mano owola ndi nkhama zotupa zimakweza shuga, ndipo amphaka okalamba ambiri ali nazo. Tizilombo ta m'chikhodzodzo timakonda mkodzo wotsekemera. Zilonda zolumana ndi amphaka anzake zimatukusira pansi pa ubweya osaoneka. Kutupa kwa kapamba, nthenda ya impso ndi ya chithokomiro zimasokonezanso.

Kumbukiraninso mankhwala ena amene mphaka analandira. Dexamethasone ndi prednisolone, amene amaperekedwa pa zoyabwa ndi zotupa, amakweza shuga kwambiri. Chimodzimodzinso mankhwala olera amene ena amapatsa amphaka aakazi kuti asabereke.

Palinso acromegaly, nthenda imene kachotupa ka pansi pa ubongo kamatulutsa michere yokulitsa thupi mopitirira. Kale ankaiyesa yosowa, koma mu 2015 Stijn Niessen ndi anzake a ku Royal Veterinary College anapeza kuti pafupifupi mphaka mmodzi mwa amphaka anayi a shuga amene anawayeza ku Britain anali nayo. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: shuga ali m'mwamba koma mphaka akunenepa, nkhope ikutambalala, chibwano chikutuluka, mapazi akukula, ndipo pogona amaliza mkonono.

Kunja kwabwera mankhwala akumwa. Bungwe la FDA ku America linavomereza Bexacat mu December 2022 ndi Senvelgo mu 2023. Amagwira ntchito potayitsa shuga mumkodzo. Koma ndi a mphaka wongopezeka kumene ndi nthendayi, amene ali ndi mphamvu ndipo sanalandirepo insulini. Kwa mphaka amene takhala tikunena pano, ndi oopsa. Mapilitsi a shuga a agogo nawonso si a mphaka.

Thandizo ndi mtengo wake

Madokotala a ziweto m'Malawi ndi ochepa. Mpaka zaka za m'ma 2010 dziko lino linalibe sukulu yawoyawo, ndipo onse ankakaphunzira kunja, kufikira pamene yunivesite ya LUANAR ku Bunda inayamba kuwaphunzitsa. Pafupi ndi mudzi pali alangizi a ziweto a boma, monga a ku maofesi a zaulimi a Chintheche ndi Mpamba. Ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku ndi katemera wa chiwewe, koma amadziwa kugwira nyama ndi kubaya jakisoni, ndipo akhoza kukulumikizani ndi dokotala ku Mzuzu. Ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA, limene linayamba mu 2008.

Wina afunsa, ndipo funso lake n'lomveka: m'dziko limene anthu amavutika kupeza insulini, n'kutayiranji ndalama pa mphaka? Munthu ndiye woyamba. Insulini ya wodwala m'banja, kapena yochokera kuchipatala cha boma, isapatutsidwe kupita kwa chiweto. Koma banja limene lingathe kugula lisachite manyazi, chifukwa chiweto chimene tinachichotsa kutchire n'kuchinenepetsa ndi mkute wathu chili m'manja mwathu. Limene silingathe lili ndi zochita zosalira ndalama zambiri: kuchotsa ufa m'mbale, kuika madzi oyera ambiri, kuchiza mano ndi zilonda. Ndipo mphaka akafika povutika kosachiritsika, kumupempha dokotala kuti amugoneke mwamtendere ndi chifundo choposa kukamutaya kutchire.

Chiyembekezo chilipo, ndipo n'chachikulu kuposa cha galu wa shuga, amene amabayidwa moyo wake wonse. Kapamba wa mphaka akapumula ku shuga wochuluka, nthawi zina amadzukanso. Amphaka ambiri amene shuga wawo wagwiridwa bwino m'miyezi yoyambirira, chakudya chitasinthidwa, amafika posiya jakisoni kwa miyezi kapena zaka. Kope ndi limene limayamba kunena: madzi akuchepa, sikelo yaima, timapepala ta mkodzo sitikusinthanso mtundu. Zikatero dziwitsani dokotala msanga kuti mlingo utsike. Miyendo yofooka ija imatenga miyezi, koma imabwerera, ndipo tsiku lina mudzamupeza ali pawindo paja.

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Mphaka wa m'nyumba amadya zimene eni ake amadya, amakhala pansi pamene iwo akhala pansi, amanenepa pamene iwo akunenepa. Banja limene laphunzira kuona ludzu, kukodzakodza ndi kuwonda pa mphaka laphunzira zizindikiro za nthenda yake yomwe. Makina oyezera ali kale m'nyumba. Mukatha kuyeza khutu la mphaka, tengani kasingano katsopano, muyezenso chala cha agogo ndi chanu, ndipo nambala ikakhala yokwera, ulendo wotsatira ukhale wa kuchipatala cha Chintheche.